Mbatatesi za pa Manda ku Byneset

Aslaug anali mwana woyamba pa famu ya makolo ake ku Byneset, koma anabadwa mtsikana, ndiponso anafulumira kubadwa. Lamulo la odel, lija limapereka famu yonse kwa mwana mmodzi kuti isagawikane, linadzasintha n'kunena kuti woyamba ndi woyamba basi, kaya mwamuna kaya mkazi. Koma akuluakulu osinthawo anaikapo malire, akuti obadwa chisanafike chaka cha 1965 azitsata zakale zomwe zija, mwamuna patsogolo. Choncho famu inali ya mlongo wake Torleif kuyambira tsiku limene anabadwa, ngakhale kuti amene ankamubereka kumsana ndi kumupukuta mamina anali Aslaug yemweyo.

Torleif ndowe sankazifuna. Atangomaliza sukulu anathawira mumzinda wa Trondheim, kumene anapeza ntchito yogulitsa inshuwalansi ndi mkazi dzina lake Wenche. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi, n'kudya, n'kuyamikira mpweya wabwino, n'kubwerera. Aslaug ndiye anatsala. Ankakama ng'ombe m'mawa ndi madzulo, chisanu chikhale chotani. Anadwazika mayi ake, a Magnhild, mpaka kuwaika m'manda, kenako n'kuyamba kusambitsa ndi kudyetsa bambo ake, a Ingebrigt, amene miyendo inali itawakana. Panali mwamuna wina wa ku Børsa amene anamufunsira ali mtsikana, koma anatopa n'kudikira kuti ng'ombe zimupatse mpata. Anakakwatira kwina, ndipo palibe angamunene.

Bambo aja atamwalira, Torleif analankhula mawu okoma pa khofi wa pamaliro. Anagwira Aslaug paphewa pamaso pa anthu n'kunena kuti palibe chimene chisinthe, pakhomo ndi pawo onse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chipale chofewa chisanasungunuke n'komwe, ng'ombe zinali zitakwera lole, minda itabwereketsedwa kwa mnansi wina wolima balere ndi chithirakitala chachikulu, ndipo amisiri anali akugumula khitchini kuti likhale momwe Wenche ankafunira. Palibe anamuthamangitsa Aslaug. Kuno sitithamangitsana, timangofunsana mwaulemu ngati munthu waganizapo za kumene angakhale momasuka. Anapezeka ali ku Kattem, m'mphepete mwa mzinda wa Trondheim, m'nyumba yosanja, m'tizipinda tiwiri toyang'anana ndi malo oimikapo magalimoto, ali mayi wa zaka zopitirira makumi asanu amene sanakhalepo ndi munthu pamwamba pa denga lake.

Za pa famu sanalimbirane chilichonse. Mipando, mbale, wotchi ya pakhoma, zonse anazisiya. Anangonyamula thumba limodzi la mbatatesi za mbewu, zazing'ono, zakhungu labuluu, zimene mayi ake anabwera nazo kuchokera kwawo tsiku limene anakwatiwa. M'sitolo simungazipeze, ndipo m'dera lonselo panalibenso wina wozilima. Mbatatesi si tirigu woti n'kumusunga m'botolo zaka zambiri. Zikadutsa nyengo yachisanu imodzi ziyenera kulowa m'nthaka, apo ayi zimafota n'kuola, mtundu wake n'kuthera pomwepo. Aslaug anaziika m'kachipinda kosungira katundu pansi pa nyumba yosanjayo, ndipo pofika mu Epulo zinali zitayamba kuphukira mumdimamo.

Anakwera basi kupita kwa Torleif kukapempha kangodya ka munda. Wenche anamulandira bwino, n'kumuthirira khofi m'makapu aja a maluwa amene a Magnhild ankatulutsira alendo okhaokha. Aslaug anagwira kapuyo mtima ukumuwawa, chifukwa anaitsuka moyo wake wonse osamweramo, ndipo tsopano anazindikira chimene anasanduka pakhomopo. Torleif anamvetsera pempholo akugwedeza mutu momvetsa chisoni. Kenako anafotokoza kuti minda yonse anaibwereketsa mpaka m'malire, sangakayambenso kudulako, ndipo pozungulira nyumba Wenche anali ataitanitsa kale kapinga.

"Ndikungofuna pongokwana thumba limodzi, Torleif. Kuseri kwa khola kuja kulibe kanthu."

"Achemwali, mwavutika mokwanira. Kapumeni tsopano. Msana umenewo simukuumvera chisoni?"

Taonani chifundo cha munthu amene sanafunsepo za msanawo pamene unkanyamula bambo ake kupita nawo kubafa. Aslaug anamaliza khofi wake, n'kuthokoza chifukwa cha khofiyo monga mwa mwambo, n'kukadikira basi pamsewu. Anafunsanso za timinda tobwereketsa ta mumzinda, koma anamuuza kuti tonse tili ndi eni ake, adikire zaka zingapo mwina wina adzatopa kapena kumwalira.

Kumayambiriro kwa Meyi kunali dugnad, tsiku limene onse a m'nyumba yosanja amatuluka kukasesa, kupenta mabenchi ndi kutola zinyalala zimene chipale chinabisa. Aslaug anapatsidwa kuseri kwa magaraja, kumene kunali zitsamba zoyabwa ndi zitini za dzimbiri. Anazula zonse, ndipo ataona kuti dothi lake ndi lakuda komanso dzuwa limafikako, anatenga fosholo n'kulitembenuza. Anzake akudya masoseji ndi kumwa khofi pabwalo, iye anali akubzala. Ambiri anamuona. Ena anaima pang'ono, n'kumwetulira, n'kunena kuti kunja kwacha bwino, n'kupitirira. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, mayi, apa sitibzala. Anthu a kuno akaona cholakwika satsegula pakamwa pomwepo, amakatsegulira ku komiti.

Patapita masiku ochepa kunabwera a Bjarne, wapampando wa komiti ya nyumbayo, bambo woonda waulemu wake, amene anavula nsapato pakhomo asanauzidwe. Anayamba ndi kuyamikira kuti kuseri kwa magaraja sikunayambe kwaonekapo bwino chotero. Kenako anafika pa nkhani. Anthu ena anali atadandaula, mayina sangatchule. Malowo ndi a onse, ndipo munthu mmodzi sangawasandutse ake popanda msonkhano waukulu, umene chaka chimenecho unali utachitika kale.

"Tikalola inu, mayi Aslaug, mawa wina abzala kabichi, wina amanga khola la nkhuku. Mukumvetsa eti?"

"Zitini zija zinali za onse?"

"Ee, tinganene choncho."

"Nanga bwanji palibe anazidandaula?"

A Bjarne anaseka pang'ono ngati amva nthabwala, n'kunena kuti Lolemba kubwera anthu odzafesa udzu, ndiye ndi bwino achotseretu zake zisaonongeke. Aslaug anakafukula mbatatesi zija ndi manja, imodziimodzi. Zambiri mphukira zake zinathyoka. Pamene ankafukula, makatani a m'mawindo ankagwedezeka, koma palibe anatsika. Anapsa mtima, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti panalibe woti n'kumukalipira. Aliyense anali waulemu, aliyense anali ndi lamulo kumbali yake. Anasankha zimene zinali zikadali ndi moyo, ndipo sizinadzaze ngakhale kabeseni kotsukira mbale.

Sabata yomweyo Torleif anaimba foni. Chikondwerero cha dziko lonse cha pa 17 Meyi chinali pafupi, ndipo nthawi imeneyo aliyense amakakonza manda a abale ake, kuchotsa nthambi zouma ndi kubzala maluwa m'kadothi kaja ka kutsogolo kwa mwala, kuti anthu pobwera kutchalitchi asaone manyazi a banja. Torleif anafuna kudziwa ngati achemwali ake akonzako kale. Anamukumbutsa kuti pogawa zinthu manda aja anawalembetsa m'dzina lake, popeza za maluwa amazidziwa ndi akazi. Pa zonse za pa famu, chimene chinagwera Aslaug chinali chimenechi, udindo wopalira manda. Anayang'ana kabeseni kaja foni ili kukhutu, kenako anayankha kuti akakonzako mawa lomwe.

M'mawa mwake anakwera basi ya ku Byneset ndi kachikwama ndi kakhasu ka m'manja. Dothi la pamandapo ankalidziwa, chifukwa chimwalirireni mayi ake ankalithira manyowa a m'khola chaka ndi chaka. Linali lofewa, lofunda, loyang'ana kumene dzuwa limakhalitsa. Anagwada n'kubzala mbatatesi zake mothithikana, kuyambira pa dzina la a Magnhild mpaka pa dzina la a Ingebrigt. Mayi wina wokalamba amene ankabzala maluwa pa manda oyandikana anayang'ana m'kachikwamamo, n'kuyang'ana Aslaug, kenako anamupatsira ndowa yothirira.

Pofika mu Julaye pamandapo panali masamba obiriwira ofika m'mawondo ndi timaluwa tofiirira. A mumzinda odutsa ankangoti ndi maluwa achilendo, koma ku Byneset ngakhale mwana amadziwa tsamba la mbatatesi. Nkhani inayenda kuchokera kutchalitchi kukafika kusitolo, n'kulowa khomo ndi khomo, ndipo anthu sanavutike kulumikiza mutu ndi mchira. Amene ankapatsa Torleif moni wansangala anayamba kumufunsa, nkhope zili phee, ngati mbewu zikuchita bwino chaka chino kumtunda kuja.

Tsiku lina masana Torleif anamupeza Aslaug ali pamandapo akukwezera dothi m'mapesi. Anaima kumbuyo kwake, makiyi a galimoto ali m'manja, khosi litafiira.

"Achemwali, n'chiyani chimenechi? Anthu akuseka."

"Akuseka ndani?"

Torleif ananena za ulemu wa akufa, za abusa, za Wenche amene tsopano ankachita manyazi kupita kusitolo. Aslaug anamusiya alankhule mpaka mawu atamuthera, iye akupitiriza ntchito yake. Kenako anapukuta manja pa siketi n'kudzuka pang'onopang'ono, chifukwa msana uja unalidi utatha.

"Iwe unatenga munda, nyumba ndi khola, ndipo sindinakutsutse, lamulo linali lako. Ine unandipatsa pano. Ndalima pamene unandipatsa."

Apo Torleif anatsitsa mawu. Anati chabwino, chaka chamawa akhoza kulima kuseri kwa khola kuja, malo onse amene angafune, bola izi azizule lero lomwe. Zoti chibale ndi fupa sichiola anazikumbukira tsiku limenelo, pamene manyazi anamugwira, osati pamene mlongo wake ankapempha atagwira kapu ya alendo. Ndipo Torleif anakulira pa famu, ankadziwa bwino kuti mbatatesi yozulidwa ili pa maluwa ilibe kanthu kunsi, chaka chamawacho sipadzakhala chobzala.

"Izi zikumbidwa mu Sepitembala," anatero Aslaug. "Ngati sungadikire, zula wekha. Mayi ndi bambo ali pomwepa, uyambe wawauza."

Torleif anayang'ana mwalawo. Anawerama pang'ono ngati agwire phesi limodzi, dzanja n'kuima m'malere, kenako analibweza m'thumba. Anatembenuka n'kumapita ku galimoto yake osatsanzika, chinthu chimene munthu wa kuno sachita. Aslaug anagwadanso n'kutola kakhasu kake. Mbali ya bambo ake inali isanakwezeredwe dothi, ndipo basi yobwerera ku Kattem inali ikadali kutali.