Nkhonya ya Febe wa ku Kabudula

Mukadutsa pa msewu wafumbi wochokera ku Nsaru kupita ku Kabudula nthawi yokumba mtedza, mwina mudzakumana ndi mayi wina wamtali, wochepa thupi, khasu lili paphewa, milomo ikugwedera ngati akucheza ndi munthu wosaoneka. Ameneyo ndi Febe Chimwaza. Chiyambire ubwana wake ndi munthu wolota dzuwa likuswa mtengo. Akamtuma kumjigo, ndowa inkasefukira iye maso ali kumitambo.

Anakwatiwa ndi Gladson, mnyamata wa kabaza, ndipo anabereka mwana wamkazi, Alinafe. Moyo unali wa kumunda ndi kudimba basi. Tsiku lina Gladson anabwera ndi foni ya mnzake n'kumuonetsa akazi awiri akuponyerana nkhonya m'bwalo la zingwe. Gladson ankaseka, koma Febe ankayang'anitsitsa. Chimene chinamugwira mtima ndi kayendedwe ka mmodzi wa akaziwo: mapazi ngati sakukhudza pansi, dzanja n'kutuluka ngati mphenzi, n'kubwerera pachibwano munthu usanaphethire.

"Bambo a Alinafe, taibwezeraninso," anatero Febe. Anaonera mpaka moto unatha m'fonimo.

Kutacha anathira mchenga ndi makoko a mtedza m'thumba la feteleza, n'kulipachika pamtanda m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba. Manja anakulunga ndi zidutswa za chitenje. Miyezi inadutsa akulimbana nalo, koma thumbalo linkangogwedera mwaulesi ngati likumuderera, iye n'kutsala ndi zala zotupa.

Pa Nsaru panali a Jailos, bambo wogulitsa nyama, amene ankasewera nkhonya ku Lilongwe ali mnyamata. Tsiku lina akusaka mbuzi zogula m'mudzimo, anamva kugunda m'chigafa, n'kusuzumira.

"Pepani mayi," anatero a Jailos atayang'ana kanthawi, "thumbali mukulikankha, simukulimenya."

Febe anachita manyazi, n'kubisa manja kumbuyo. "Ndiye ndizitani, bambo? Mikono yangayi ndi yaing'ono."

"Mkono ulibe mlandu. Nkhonya imayambira kuphazi lakumbuyo. Chidendene chitembenuke, chiuno chitsatire, kenako phewa. Dzanja limangofikitsa. Ndipo musaumitse thupi ayi. Dzanja lipite lofewa, lilimbe pofika pokha, mpweya n'kuutulutsa."

Anamuonetsa pang'onopang'ono, ngati munthu wovina m'madzi, n'kupitiriza ulendo wawo.

Mawu amenewa Febe anayenda nawo paliponse. Pothirira ndiwo kudimba ankaima mwadzidzidzi, n'kupotoza chidendene m'matope. Podikira pachigayo chiuno chinkatembenuka chokha. Amayi anzake ankaseka kuti wayamba kuvina chimtali popanda ng'oma. Ankadumpha chingwe chomangira mbuzi mpaka thukuta kamukamu. Gladson, amene poyamba ankaona ngati zachibwana, anayamba kuvala zipatapata m'manja kuti mkazi wake azilasa, ndipo a Jailos akadutsa ankakonza apa ndi apo: chigongono chatuluka, chibwano chakwera.

M'mawa wina wa m'chilimwe, kunja kuli chifunga cha utsi wa m'minda, Febe sankaganiza n'komwe za mphamvu. Maganizo anali pa njiwa imene inkalira mumtengo wa mango. Dzanja linangopita lokha. Thumba linalira phi! n'kupindika pakati, nkhuku zonse balala. Chodabwitsa, m'zala sanamve kupweteka. Anaima chilili akuyang'ana chibakera chake ngati cha mwini.

Chaka chimenecho anthu a m'tauni anakonza masewera a nkhonya pa Msundwe, ndipo a Jailos anamulembetsa. Okonza masewerawo anapatsa Febe mtsikana wa ku Lilongwe woti amenyane naye, dzina lake Mirriam, wozolowera bwalo. Aka kanali koyamba Febe kuvala magulovesi. Apa ndi pamene anadziwa kuti thumba silithawa ndipo silibwezera. Mirriam ankazungulira ngati kamvuluvulu, akumutsina kumaso, Febe akumenya mphepo. Diso lakumanzere linatupa.

M'chigawo chomaliza phokoso la anthu linamka patali, ngati nyimbo ya m'mudzi wa kutsidya kwa dambo. Zonse zinayamba kuyenda mochedwa. Febe anaona dzanja la Mirriam likutsika pang'ono pochoka kokamenya. Chidendene chinatembenuka. Mirriam anagwada bondo limodzi, maso ali mwaa, bwalo lonse n'kuimirira.

Koma Mirriam anadzuka, n'kumaliza masewerawo, ndipo oweruza anapereka chipambano kwa iye. Pambuyo pake anabwera kudzamukumbatira Febe.

"Asisi, nkhonya ija munaiphunzira kuti?" anafunsa Mirriam.

"M'chigafa cha fodya."

Mirriam anaseka mpaka kugwira nsagwada. "Mukakolola mubwere kwathu. Ine ndikuphunzitsani mapazi, inu mundiphunzitse chimenecho."

Febe anapitadi. Kuchokera pamenepo wakwera m'bwalo kangapo, pena kupambana, pena kugonja. Sanatchuke, ndipo mtedza akulimabe. Koma amakonda kukamba za ulendo wobwerera kuchokera ku Msundwe tsiku lija, atakhala kumbuyo kwa njinga ya mwamuna wake. Akuti dziko ankalionera diso limodzi, ndipo linali lokongola kuposa masiku onse: minda yofiira yodikira mvula, ng'ombe zikuoloka msewu, mitambo yakuda ikuunjikana cha ku Namitete.

"Mwakhumudwa kodi, mayi a Alinafe?" anafunsa Gladson.

"Ayi," anayankha Febe, atatsamiritsa tsaya kumsana kwake. "Palasani pang'onopang'ono. Sindikufuna kufika msanga."