Njanji zimene sindinawotcherere

Mng'ono wanga atachita mwayi ku golide, anagula galimoto yothamanga ya mipando iwiri, yofiira, yokhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Sinathe miyezi itatu. Anawomba nayo mtengo pamsewu wa ku Madziwa, anthu n'kuikokera pakhomo panga ku Chipadze, poti ntchito yanga ndi yowongola ndi kuwotcherera magalimoto.

Ndinaizungulira tsiku lonse. Kutsogolo kunali kutakwinyika ngati chitini chopondedwa, koma zitseko zinkatseguka bwinobwino, ndipo mwini wake anangotupa mlomo basi. Zinandizunguza mutu. Ndinalowa kunsi ndi tochi, n'kupeza kuti zitsulo ziwiri zakutsogolo zapindika mwadongosolo, khwinya pambuyo pa khwinya, pomwe opanga ake anachita kudindapo timizere. Munthu angafooketse dala chitsulo chake chifukwa chiyani?

"Mota iyi ndi pepala, mukoma," anatero mng'ono wangayo kwa ine mkulu wake, akuloza galimotoyo. "Muikemo njanji." Anali atabweretsa kale zidutswa ziwiri za njanji ya mumgodi. Kunena zoona ndinavomera, ndikudzitama kuti ndikonza zimene akufakitale analephera.

Bambo athu, amene anakalambira mumgodi akuchirikiza denga ndi mitengo, ankamvetsera ali pakhonde. Anabwera ndi ndodo yawo, n'kugogoda chitsulo chokwinyikacho, kenako njanji.

"Pansi paja tinkakonda mtengo wolira," anatero. "Mwala ukautsikira, mtengowo umaphwanyika pang'onopang'ono ukulira, iwe n'kuthawa. Cholimba kwambiri sichilira. Tinafukulapo mnzathu pambali pa chitsulo chili chilili, chopanda ndi kachilema komwe."

Anatembenukira kwa ine. "Nanga njanji yakoyo ikakana kupindika, apindike ndani?"

Ndinayang'ana chiwongolero, ndinayang'ananso chifuwa cha mng'ono wanga. Ndinachita mantha, ndi manyazi omwe. Zaka zonsezo ndinkangowongola zitsulo, osafunsa kuti zinapindikiranji pamenepo osati pena.

Ndinauza mng'ono wanga kuti afune zitsulo zake zenizeni, njanji ine ayi. Anakwiya, akuti ndi nsanje, ndipo sitinalankhulane mpaka mvula inagwa. Zitsulozo sizinapezeke. Galimotoyo ikadali kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira.

Njanji zija ndinapangira benchi. Mng'ono wangayo akabwera kudzaona bambo amakhala pomwepo, ndi nthiti zake zonse, akundidandaulirabe za galimoto yake.