Nambala ya Malemu

Amene amati kupereka malipoti a msonkho pa intaneti n'kwaulere ndimangowayang'ana. Ine zinandidyera shuga, botolo la mafuta ophikira amene timati saladi, ulendo wa minibasi, ndiponso mawondo angawa, amene ndinalumbira kuti munthu wina wake sadzamugwadiranso.

Ndimasoka zovala ku Nangongwe. Mwamuna wanga ali moyo, za msonkho zonse ankayendetsa ndi iye. Ndiye anandilembetsa, ndipo pofunika nambala ya foni analemba yake, poti yanga imangokhala pansi pa nsalu, kulira mpaka kutopa. Atamwalira, za msonkho sindinaziganizeko n'komwe. Chinandidzutsa ndi sukulu ina ya ku Estates imene inafuna kundipatsa ntchito yosoka mayunifolomu. Anati ndibweretse pepala losonyeza kuti ndilibe mlandu ndi a misonkho, lifike Lachisanu, apo ayi ntchito ipita kwa telala wina. Lendi inali itatigwira pakhosi, ndipo ntchito imeneyo ndiyo ikanatisunga m'nyumba ine ndi ana.

Ndinathamangira m'tauni, kwa mayi wina wa kashopu ka makompyuta amene amathandiza anthu ngati ife.

"Ba mami, pasiwedi muiziba?" anandifunsa.

"Sininaionepo."

"Palibe vuto, tizapanga ina. Bazatuma manamba pa foni yamene munalembesa. Muli nayo pafupi?"

Atawerenga nambalayo, ndinazindikira kuti ndi ya malemu mwamuna wanga. Foni ya malemu inali ku Shimabala, kwa mkulu wawo. Tsiku logawa katundu pambuyo pa maliro, alamu angawo anatenga foni, njinga ndi jekete, kenako anaponya maso pa makina anga osokera. Ine ndinawakhalira makinawo pamaso pa abale onse, n'kunena kuti wofuna awanyamule ndi ine ndemwe. Kuyambira tsiku limenelo sitinapatsanenso moni.

Mayi uja anati nambala ingasinthidwe, koma n'kupita ku Lusaka ndi mapepala, ndipo sankadziwa kuti zingatenge masiku angati. Lachisanu silikanandidikira. Ndinagula shuga ndi saladi uku mtima ukuwawa, n'kukwera minibasi ya ku Shimabala.

Alamu anga ndinawapeza kudimba akuthirira tomato. Anandiona ndikadali patali, koma anapitiriza kuthirira ngati kukubwera mbuzi. Ndinagwada pamzere, chitenje chonse matope.

"Muli bwanji ba mulamu?"

"Tilipo. Makina yasoka bwino?"

Funsolo ndinalisiya lidutse. Wopempha salusa. Ndinafotokoza nkhani yonse, ndipo ndinapempha kuti andibwereke foniyo tsiku limodzi lokha.

"Foni sichoka pano," anatero. "Bonse bogula tomato banituma pa namba yamene iyi."

"Ndiye manamba yakabwela, munitumileko foni, muniwelengele. Mailo kuseni nizankhala pa kompyuta."

"Tizaona. Kuno netiweki ni ya mwayi."

Shuga ndi saladi analandira. Koma "tizaona" wawo uja ndinabwerera naye kunyumba ngati mwala m'nsapato. Ndinayesa kusoka, ulusi unkangoduka. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene ndinamuchititsa manyazi pagulu angasiye payipi ya madzi chifukwa cha ine? Ndinaganizanso za telala wina uja, amene sindinamuonepo n'komwe, ndipo ndinadana naye kwambiri.

Kutacha ndinali woyamba pakashopu. Mayi uja anadina batani, n'kundiuza kuti manambala apita, koma sakhalitsa, akachedwa amafa. Tinadikira. Kumbuyo kwanga kunayamba mzere: bambo wina ndi mapepala ofuna fotokope, mtsikana wofuna kulemba kalata ya ntchito. Onse ankandiyang'ana pamsana. Mayi uja anaimba nambalayo pafoni yake, inalira mpaka kuduka.

"Yafa aya," anatero. "Tiyese futi? Koma nthawi ya pa kompyuta iyenda, ba mami, muzalipila."

"Yesani."

Anadinanso. Mumtima ndinayamba kuwatukwana alamu anga, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ndinawaona m'maganizo atakhala pamthunzi, foni ili pabondo, akuiyang'ana ikuwala uku akuseka. Ndinayamba kuganiza zoti ndikawauza chiyani eni nyumba, ndiponso kuti makina ndikawasungitsa kwa ndani tikathamangitsidwa. Ndinachita mantha enieni, oposa amene ndinali nawo pamaliro, chifukwa pamaliro pamakhala anthu okugwira mapewa.

Bambo wa fotokope uja anatsokomola mwadala. Ndinatembenuka kuti ndimuyankhe zoti akasimbe kwawo, ndipo nthawi yomweyo foni inalira m'chikwama.

Ndinaitulutsa. Pagalasi panalembedwa kuti "Atate a ana".

Pa zonse zimene ndinadera nkhawa masiku amenewo, ichi chokha sindinachiganize. Dzinalo sindinalifafanize, ndipo chimwalirireni linali lisanawalepo. Ndinangoima, foni ikunjenjemera m'manja, ine ndikuiyang'ana.

"Yankhani ba mami, nthawi izasila!" anakuwa mayi uja. Anandilanda foni, n'kuitsegula kuti tonse timve.

"Halo? Mulamu? Nenze kusakila netiweki, nakwela pa chulu. Lembani."

Alamu anali ndi wefuwefu. Pamaso ndi pamaso sindinazindikirepo, mwina chifukwa cha mkwiyo, koma pafoni mawu awo anali a mng'ono wawo enieni, kukoka komweko, kupumira pakati komweko. Anawerenga manambalawo mmodzimmodzi, mosamala, ngati akuwerengera mwana. Mayi uja ankalemba. Alamu asanamalize n'komwe kupuma, mayiyo anandikwezera chala chachikulu: tsamba linatseguka, pepala langa lituluka lero lomwe.

"Mwamvela, mulamu?" anafunsa alamu.

Ndinali nditamva bwinobwino, ndipo ntchito inali itatha. Anthu pamzere ankadikira kuti ndichoke. Ndinatenga foni m'manja mwa mayi uja, ndinaiika kukhutu, n'kutembenukira kukhoma.

"Sininamvele," ndinatero. "Bwelezani futi, pang'onopang'ono."