Disiki Sinafe, Inangochedwa

Ntchito yanga yoyamba ya makompyuta anandipezera ndi mlonda. Ndinabwera ku Doha kudzayala mabedi mu hotela, dipuloma yanga ya IT ili pansi pa sutikesi, ndipo pilo aliyense amene ndinkamuveka nsalu ankandikwiyitsa ngati wandilakwira. Lachisanu lina, tsiku lopuma kumeneko, titatuluka m'tchalitchi ku Abu Hamour, tikudikira basi dzuwa likuswa mtengo, ndinadandaulira a Nkhoma, bambo wa ku Dowa amene ankalondera nyumba ina yosanja ku West Bay. Sindinkapempha thandizo. Ndinkangodandaula mokweza monga mwa chizolowezi changa.

"Iwe Tadala, pakamwa pako sipapuma," anatero. "Pa building yathu pali company ya shipping, wa IT wawo wamng'ono wasiya. Bweretsa CV mawa, ndikaisiya pa reception."

Anakaisiyadi. Za mapepala osinthira bwana zinakoka miyezi mpaka ndinatsala pang'ono kupenga, koma mapeto ake ndinalowa. Mkulu wanga pantchitopo anali a Suresh, bambo wa ku India woyenda ngati akuopa kudzutsa pansi. Ine ndine munthu waphuma chibadwire. Chinthu chikachedwa kutseguka ndimachidina kawiri, katatu. Sabata isanathe a Suresh anali atandipatsa dzina lakuti Madamu Yalla, chifukwa yalla ndi mawu amene Aluya amakuuza akafuna ufulumire.

Tinali ndi kachipinda kozizira kwambiri, momwe munali seva yosunga mafayilo onse a kampani. Mafayilowo sankakhala m'mimba mwa sevayo. Ankakhala m'bokosi lina la madisiki pansi pa shelefu, ndipo seva inkawafikira kudzera pa netiweki, mwa njira yotchedwa iSCSI. Zikalumikizana, seva imaona disikiyo ngati yakeyake, chonsecho imabwera pa chingwe. Zimenezi ndinaziloweza, koma kuloweza si kumva.

Tsiku lovuta linafika a Suresh atapita kwawo ku ukwati wa mng'ono wawo. Loweruka kunabwera anthu a magetsi kudzasintha mabatire a m'kachipinda kaja. Anali ndi chilolezo, ndipo a Nkhoma anawatsegulira. Pogwira ntchitoyo magetsi anazima pang'ono, makina onse n'kuzima nawo. Ku Doha sabata imayamba Lamlungu, chinthu chimene thupi langa silinachivomerebe. Lamlungu limenelo ndikutsika sitima ya metro, foni inali itayamba kale kulira. Palibe amene ankatha kutsegula fayilo, ndipo katundu wa makasitomala anali kudoko kudikira mapepala.

Ndinathamangira m'kachipinda, ndinalumikiza sikirini ndi kiyibodi ku seva. Inali itaima panjira. Mzere wina unkati kufufuza disiki kwalephera, wina n'kumati makina alowa m'njira ya pangozi, ndilembe pasiwedi ya root, ya woyang'anira makinawo. Poyaka, seva imawerenga fayilo yotchedwa fstab, momwe mwalembedwa madisiki oyenera kutsegulidwa, ndipo isanatsegule imayamba yawafufuza ndi pulogalamu ya fsck. Apa ndi pamene inakanirira.

Bwana wamkulu wa ofesi anaima kumbuyo kwanga. Za makina sankazidziwa, koma liwu la Chingerezi lakuti zalephera ankatha kuliwerenga.

"Ndani anatsegula chipinda chino popanda wa IT?" anafunsa.

Ndinati anthu aja anali ndi chilolezo. Sanandimvere. Anaimbira kampani ya alonda ndili pomwepo, n'kunena kuti mlonda wawo wawonongetsa mafayilo a zaka zambiri, abwere adzamutenge. "Khalas," anatero potseka foni, ndiko kuti nkhani yatha.

Mlonda akachotsedwa chifukwa kasitomala wadandaula zazikulu chonchi, kawirikawiri chotsatira ndi ndege yobwerera kumudzi. A Nkhoma anali ndi ana kusukulu. Ndipo ndi iwo amene anandilowetsa m'nyumba imeneyi.

Manja anga anayamba okha. Ndinalemba pasiwedi, ndinalamula fsck kuti ikonze disikiyo ndi kuvomera chilichonse osandifunsa. Inayankha nthawi yomweyo kuti disiki yoteroyo palibe. Ndinabwereza. Palibe. Ndinatuluka, ndinalowa, ndinagwedeza zingwe, ndinayang'ana timagetsi ta bokosi lija, tonse tobiriwira ngati tikundiseka. Ndinazimitsa seva n'kuyatsanso, inadikira kanthawi n'kukaima pomwe paja. Mumtima ndinati basi, disiki yafa.

Ndinatsikira pansi kuti ndipume mpweya wofunda. A Nkhoma anali pa benchi pafupi ndi khomo la katundu, atalandidwa kale wailesi yawo ya m'manja, chipewa chili pabondo.

"Akuti ndidikire galimoto ya company," anatero. "Ine ndinangoona permit, mwanangu. Supervisor anasaina. Kapena ndinalakwitsa kuwerenga?"

"Simunalakwe, bambo."

"Nanga zinthu zawozo zafadi?"

Ndinangowayang'ana. Anandiyang'ana, n'kuti, "Pita ukagwire ntchito. Kundiyang'ana ine sikukonza."

Ndinakwera n'kuimbira a Suresh. Anayankha pakati pa ng'oma ndi phokoso la ukwati. Ndinawakhuthulira zonse mpweya umodzi, disiki yafa, mlonda akuchotsedwa, bwana walusa. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Madamu Yalla, chotsa manja pa kiyibodi," anatero. "Ndiwerengere zimene yalemba. Pang'onopang'ono."

Ndinawerenga.

"Yanena kuti disiki yawonongeka?"

"Yati palibe."

"Ndiye bwanji ukulira maliro a munthu amene sanafike?"

Ndinakhala pansi pa matailosi ozizira. Anandiuza ndilembe lsblk, lamulo loonetsa madisiki amene seva ikuwaona. Panali imodzi yokha, ya m'mimba mwake. Anati ndione ngati netiweki yayaka. Inali isanayake. Apo ndi pamene mutu unatseguka. Seva inkafuna kufufuza disiki yobwera pa netiweki, netiwekiyo isanadzuke. Ikaisowa inkaima, ndipo ikaima netiweki sinkadzuka n'komwe. Disiki inali bwinobwino m'bokosi mwake, kudikira njira.

"Chilumikizireni bokosi limenelo, seva sinazimepo," anatero a Suresh. "Mzere wa mu fstab ndinalemba ndine, ndipo ndinasiya liwu limodzi. Ukamuuze bwana choncho. Usandibise."

Zotsatira zinafuna kudekha kumene ine ndilibe. Ndinatsegula disiki ya seva kuti ilole kulembapo, ndinaika chizindikiro cha # kutsogolo kwa mzere uja kuti makina ayambe aulumpha, ndinayatsanso. Mphindi zimene seva imawerenga zamkati mwake ndinazungulira kachipindako ngati nkhuku yofuna poikira. Inayaka. Netiweki inadzuka, iSCSI inalumikiza, lsblk inaonetsa madisiki awiri. Chala changa chinkafuna kutsegula mafayilo pomwepo, koma a Suresh anati ndiyambe ndafufuza ndi fsck -n, imene imangoyang'ana osakhudza kanthu. Inayenda, inayenda, ine ndikuluma chikhadabo. Inamaliza osapeza vuto.

Kenako ndinakonza mzere uja. Ndinachotsa #, ndinawonjezera liwu lakuti _netdev, louza seva kuti disiki iyi ndi ya pa netiweki, aidikire. Nambala ya kumapeto ndinaisintha kukhala 0 kuti isamafufuzidwe poyaka. Nditatsegula, mafayilo onse anali momwemo, ndipo kunja ndinamva anthu akukoka mipando kubwerera ku madesiki.

Bwana anati mafi mushkila, palibenso vuto, n'kuyamba kuchoka. Ndinamuimitsa. Ndinati ndikufuna ndizimitse seva kamodzinso iye akuona. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinati mafayilo kubwerera sikukwanira, chifukwa mawa wina adzanenabe kuti mlonda anawononga, ife tinangopulumutsa. Ndinamuonetsa mzere wakale ndi watsopano, ndinamuuza zimene a Suresh anati ndinene, ndipo ndinati magetsi akanazima tsiku lina lililonse, chitseko chili chokhoma, zikanachitika zomwezi. Anapinda manja n'kuti ndizimitse. Seva inazima, inayaka, inadikira netiweki, inatsegula disiki yokha. Bwana anatulutsa foni n'kuimbiranso kampani ya alonda.

Nditatsika, galimoto ya kampani ya alonda inali itafika kale, ndipo mkulu wawo anali pa foni akugwedeza mutu. Atamaliza anabweza wailesi ija kwa a Nkhoma, anakwera galimoto n'kupita. Palibe amene anati pepani.

Kuyambira tsiku limenelo ndagwira m'makampani ena, ndipo phuma silinandichoke. Koma makina akaima, ndimakhalira manja anga n'kuwerenga uthengawo mokweza, liwu ndi liwu. Ndimafunsa kaye ngati chinthucho chawonongeka kapena sichinafike. Ndi matenda awiri osiyana, ndipo mankhwala a amodzi akhoza kupha wodwala enawo.

A Nkhoma anavala chipewa, anakoleka wailesi palamba, kenako anandifunsa chimene chinawonongeka.

"Palibe, bambo. Disiki inangochedwa. Seva inkaitana dzina iyo isanafike, ndiye inkaiyesa yolakwa."

"Ngati bus yathu ya ku camp komwe timagona ikagwidwa mu traffic," anatero. "Supervisor amaitana mayina ife tili pa msewu. Ndiye mwapanga bwanji?"

"Ndaiuza seva kuti izidikira."

"Ndi liwu limodzi?"

"Limodzi lokha."

Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke nawo. Anayang'ana benchi imene anakhalapo m'mawa wonse, kenako khomo limene ankayenera kukaima.

"Makina ali ndi mwayi," anatero. "Ine palibe amene anandidikira."