Tsiku Limene Chigayo Chinakhala Chete

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Kwathu ndi ku Nsanama, ndipo sukuluyo inali kutali, kupitirira Balaka. Nkhani itafika, azimayi a kutchalitchi kwathu analulutira mpaka mawu kusasa, koma amayi anga sanalulutire nawo. Anangopitiriza kutongola chimanga, kenako anati, "Lusiya sapita kulikonse."

Ine ndinasiya kuona ndili wamng'ono, chikuku chitandigwira. Kuchokera pamenepo amayi ankandisunga ngati dzira. Madzi osamba ankanditungira, moto sankalola kuti ndiuyandikire, ndipo kusukulu ndinkapita nditagwidwa pamkono, kaya ndi iwowo, kaya ndi aliyense wolowera komweko. Anthu a ku Nsanama ndi achifundo, sindingawanamizire, koma chifundo chawo chinkathamangira kumanja. Ndikangotulukira pamsewu ndi ndodo yanga yoyera, wina wandigwira kale, akundikoka, osafunsa n'komwe kumene ndikupita. Tsiku lina bambo wina anandiolotsa msewu mosangalala kwambiri, pamene ine ndinangoima pamthunzi kudikira mnzanga.

Pasukulu yathu ya pulayimale panali chipinda cha ana osaona ndi osamva. Woyang'anira chipindacho anali a Makwinja, mphunzitsi wa mawu a besi amene tinkamuzindikira akadali kutali chifukwa cha tcheni cha njinga yake. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga ndi zala, kuyenda ndi ndodo, kusita malaya, ngakhale kuyatsa mbaula amayi asakudziwa. Atamva kuti amayi akana, anakwera njinga kubwera kunyumba.

"Mayi, mwanayu wakhoza ndi mutu wake. Mukamusunga pano azichita chiyani?" anafunsa a Makwinja.

"Aphunzitsi, inu mumamuonera m'kalasi. Akakasochera kumeneko akamutola ndani?"

"Nanga atapita yekha kuchigayo n'kubwera ndi ufa, mungamulole?"

Amayi anaseka, koma sikunali kuseka kokondwa. "Yekha? Apite tsiku la msika, pamene anthu amapondana. Akabwera ndi ufa, basi azipita kusukuluko."

Zimene a Makwinja anachita pambuyo pake ndinazimva patapita nthawi. Anazungulira Nsanama yense. Analankhula kutchalitchi, anakalankhulanso ndi akuluakulu a kumzikiti, kenako anayenda benchi ndi benchi mumsika. Pempho lawo linali limodzi: Lusiya akamadutsa, manja kumbuyo. Musamugwire, musamulondolere. Akafunsa yekha, pamenepo muyankheni. Akuti amene anavuta kwambiri anali Abiti Saidi, mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo la msika, amene ankakonda kundiika chitumbuwa m'manja ndikamadutsa.

"Ndiye tizingomuyang'ana mwana akulowa m'ngalande? Iyayi aphunzitsi, imeneyo ndi haramu!"

Anagonja atauzidwa kuti ngati pali ngozi yeniyeni, akuwe mmene angathere.

Tsikulo litakwana ndinasenza ndowa ya chimanga, dzanja lina kugwirira ndowa, lina ndodo. Sindinkaopa ngakhale pang'ono. Njira ya kuchigayo ndinkaidziwa ndi makutu ndi mphuno. Umayamba wamva mjigo ukulira, kenako fungo la matemba a ku Chilwa, kenako wailesi ya pamalo ometera tsitsi, ndiyeno chigayo chimakuitana chokha, chifukwa phokoso lake limamveka ngakhale m'mano. Mjigo ndinaudutsa. Matemba ndinawadutsa, ndikuyenda monyada ndithu. Nditafika pamene pankayenera kumveka wailesi, kunali zii. Chigayonso zii. Magetsi anali atathima.

Ndinadzilimbitsa mtima n'kupitiriza. Koma tsiku la msika njira sikhala pamalo pake. Ndodo yanga inagunda mulu wa kaunjika, ndinapatuka. Inagunda madengu, ndinapatukanso. Nditapatuka kachitatu kapena kachinayi sindinkadziwanso kumene ndachokera. Ndinaima.

Chinandidabwitsa n'chakuti palibe anandigwira. Anthu ndinkawamva, mapazi awo, kupuma kwawo, ndipo ena anasiya kuitanira malonda. Wakabaza wina, mlendo wochokera mbali ya ku Liwonde, anandigwira pachigongono n'kunena kuti, "Tiyeni asisi, ndikuolotseni." Asanamalize, mawu a Abiti Saidi anang'amba msika wonse.

"Musiyeni mwanayo! Wakuitanani?"

Munthu uja anandisiya ngati wagwira mphika wotentha. Pamenepo ndinazindikira kuti msika wonse ukundiyang'ana, ndipo wangokhala chete dala.

Ndinakwiya, kenako ndinachita mantha. Dzuwa linkawotcha, khosi linayamba kuwawa, thukuta likutsikira m'maso. M'mutu mwanga munali mawu amodzi okha, akuti yekha. Ndinkaganiza kuti ndikafunsa munthu ndiye kuti ndalephera, nkhani ikafika kwa amayi ine ndisanafike, ndipo sukulu yathera pomwepo. Ndinayesa kuyenda pang'ono, ndodo inagwera m'ngalande, ndinamva anthu akukoka mpweya onse pamodzi. Ndinabwerera m'mbuyo. Kenako ndinadzifunsa kuti, kodi ndikaima pano mpaka madzulo, chimangachi chisanduka ufa chokha? Ngati sukulu yalephereka, yalephereka, koma sindikhala chipilala cha msika.

"Pepani," ndinatero mokweza, "chigayo chili mbali iti?"

Zinali ngati ndatsegula khola. Aliyense anayankha nthawi imodzi. "Uko! Cha uko! Apo pomwepo mwanawe!"

"Uko ndiye kuti? Ngati mukuloza ndi chala, ine chala chanucho sindikuchiona!"

Msika unafa ndi phwete, ndipo woseka kwambiri anali Abiti Saidi, amene ndikukhulupirira kuti ankaloza ndi manja onse awiri. Phokoso litachepa ndinamva mawu ofatsa a Che Mussa, mkulu wokonza njinga.

"Mwanangu, tamvera kuno." Anayamba kumenya sipanala pa limu ya njinga, ngwe, ngwe, ngwe. "Bwera kumene kukuchokera kuliraku. Ukandifika utembenukire kumanja, chigayo chili pomwepo."

Ndinatsata kulira kuja pang'onopang'ono. Anthu ankandipatukira, ena akukoka malonda awo, koma palibe anandikhudza. Nditawafika Che Mussa ndinathokoza, ndinatembenuka, ndipo posakhalitsa ndinamva fungo la gaga ndi fumbi lofewa la ufa kumapazi. Ndinatula ndowa pamzere, ndinakhala pansi pamodzi ndi azimayi amene ankadikira magetsi. Mtima unali wolemera. Ndinafika, inde, koma ndinafika nditafunsa.

"Sendera uko, ndikhale nawo."

Anali amayi. Misozi imene ndinaibweza mumsika monse inangotuluka.

"Amayi, ndafunsa anthu."

"Ndamva. Ndinali kumbuyo kwako chichokereni kunyumba, manja nditawakulunga m'chitenje kuti ndisakugwire." Anandipukuta misozi ndi chitenje chawo. "Chimene chimandisowetsa tulo si kusochera kwako ayi. Inenso ndinasocherapo pa depoti ku Limbe, maso awiri ali bwinobwino. Ndimaopa kuti ukakasochera ukangoima duu, kudikira mayi ako amene kulibe. Koma lero watsegula pakamwa, mpaka wawakalipira anthu akuluakulu."

"Koma ufa sindinabwere nawo."

"Umenewo ndi mlandu wa magetsi, si wako."

Kenako amayi anaimirira, ndinamva akukutumula chitenje.

"Ine ndatsogola, nkhuku zili panja. Magetsi akayaka ugayitse, undipeza kunyumba."

Ndinatchera khutu kumvera masilipasi awo akupita. Ndinkayembekezera kuti aima penapake, pakona pa Che Mussa kapena kuseri kwa chigayo, kuti andizemberenso. Sanaime. Kulira kwa masilipasi kunachepa, kunachepa, mpaka kunasakanikirana ndi mapazi a anthu ena onse. Sindinamvepo chimwemwe chowawa ngati chimenecho.

Lero ndimakhala ndekha ku Balaka, m'nyumba ya lendi, ndipo ndimaphunzitsa ana osaona. Makolo awo akabwera, ambiri amakhala atawagwira anawo pamkono mwamphamvu, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa ndikudziwa tsopano kuti tsiku lija amene anavutika kwambiri sindinali ine. Ine ndinangosenza ndowa. Amayi, Abiti Saidi ndi msika wonse anaima n'kumandiona ndikusochera, manja akuwayabwa, ndipo anapirira mpaka nditapempha ndekha. Ndimasocherabe mpaka pano, makamaka magetsi akathima. Koma ndikasochera ndimaima, ndimafunsa, ndipo amene amanena kumene ndikupita ndine.