Chigoli Changa cha Dzanja

Ndikakumbukira a Namakhwa, ndimamva fungo la fodya wouma m'chigafa, fungo lija lokanda kukhosi, litasakanikirana ndi fumbi la pabwalo lathu la mpira kufupi ndi Santhe. Anali tenanti wochokera ku Phalombe, ndipo kanyumba kawo kaudzu kanali kumalire a esiteti, moyang'anizana ndi khola lathu la mbuzi. Manja awo anali akuda bii ndi utomoni wa fodya, moti wezulo yawo inkanata ukaigwira. Akaweruka kosankha fodya, msana uli chiweramire, ankabwera kudzatiphunzitsa mpira, ife ana a m'mudzi pamodzi ndi ana a matenanti amene makolo athu ankatiletsa kudya nawo.

Sankalalata. Ukamutchera mnzako mwendo dala, ankaimitsa chikulunga chathucho n'kukuuza kuti umudzutse ndi kumusasa fumbi, tonse tikuonerera. Timu ina ikatithira zigoli, ankatifoletsa kuti tikagwire chanza otigonjetsawo, misozi ili chuchuchu. "Fodya wothira madzi amalemera pasikelo lero, mawa waola m'belo," ankatero, ife n'kumaseka kalankhulidwe kawo ka Chilomwe.

Ndili mu Sitandade 6 tinafika mu fainolo ya chikho cha ana, ndipo opambana ankatenga majezi ndi mpira weniweni wachikopa. Mudzi wonse unabwera, njinga zitatsamira mitengo yonse, amayi atamanga zitenje m'chiuno. Nthawi itatsala pang'ono kutha, tisanagoletsane, mpira wa kona unabwera m'mwamba. Ndinalumpha. Mutu sunafike, dzanja linafika. Oimbira sanaone. Nthungululu zinaphulika, ndipo bambo anga, munthu amene anali asanandiyamikirepo chibadwire changa, anandinyamula paphewa.

Ndili m'mwamba momwemo ndinaona a Namakhwa akuyenda pang'onopang'ono kupita kwa oimbira. Chigolicho chinakanidwa. Tinakagonja pa mapenate.

Anthu anazungulira a Namakhwa ngati agwira wakuba nkhuku. "Obwera awa agulitsa mpira!" wina anakuwa. "Tenanti angatiuze chiyani kwathu kuno?" A Namakhwa sanakangane ndi aliyense. Anangoti, "Mufunseni mwanayo. Sanama ameneyo."

Bambo anawerama. "Iwe Yohane, unaugwira mpirawo?"

Ndinayang'ana manja akuda aja, ndinayang'ana bambo. "Ayi, bambo. Unali mutu."

A Namakhwa anangogwedeza mutu kamodzi, n'kuika wezulo m'thumba, n'kudutsa pakati pa anthu akuwaloza zala.

Kuyambira tsiku limenelo makolo analetsa ana kupita pabwalo iwo akakhalapo. Akazi awo ankatunga pomaliza pamjigo, ngakhale alawire chotani. Ine ndinkawazemba podzera kuseri kwa khola, komabe akandiona ankandipatsa moni: "Wadzuka bwanji, sitiraika?" Moni umenewo unkandiwawa kuposa chikwapu, ndipo ndinawada chifukwa cha moniwo. Fodya atapita ku okushoni, lole inabwera kudzatenga matenanti, iwo n'kukwera ndi mkeka, ndowa ndi nkhuku ziwiri. Palibe wa m'mudzi anawatsanzika. Ine ndinkasuzumira ndili m'chigafa chopanda kanthu mpaka fumbi la lole linatha.

Lero ndine ndikuphunzitsa ana mpira ku Kasungu boma. Makolo amabwera kudzandinong'oneza kuti ndilembetse anyamata ometa kale ndevu ngati a zaka khumi ndi ziwiri, ndikakana amati ndimadzimva. Anawo ndimawauza za fodya wothira madzi, iwo amayesa mwambiwo ndi wanga, ndipo sindinawauzepo mwini wake. Ndinafunsafunsa za a Namakhwa ku Phalombe, koma tenanti sasiya adiresi. Bambo anamwalira akusimbabe za chigoli cha mutu chimene obwera anabera mwana wawo. Ndikapita kumudzi, achikulire mpaka pano amandiitana kuti Kamutu, ndipo ine ndimavomera.