Wezulo Yanga Inalira Kamodzi

Ana anga akandifunsa chifukwa chake sindipita kukaonera magule, ndimangoti mawondo. Mawondo akuwawadi, koma chifukwa chenicheni si chimenecho.

Nthawi ya chitaganya ndinkagwira ntchito kunjanji, ndikukhala ku Rugare, komboni ya antchito a njanji kudziko la Ashona, pamodzi ndi anzanga ambiri ochokera ku Nyasalande. Sabata yonse tinkakhala bii ndi malasha, koma Lamlungu masana tinkasanduka asilikali. Tinali ndi gulu lathu la mganda, limene tinkalitcha boma. Tinkavala makabudula oyera ndi malaya oyera ositidwa ndi simbi yamakala, ndipo maudindo anali ngati a kunkhondo. Pamwamba panali a Kingi. Kenako panali kapitawo, woima patsogolo pa mizere. Ine ndinali sajeni, wogwira wezulo. Ndikaiimba kamodzi, mizere inkayamba kuponda. Ndikaiimba kawiri, onse ankatembenukira kumsewu n'kutuluka m'bwalo.

Bomalo silinali lovina chabe. Ukafera kuno, kutali ndi abale, anzako a m'boma ndi amene ankakusambitsa, kukunyamula ndi kukuimbira mpaka kumanda. Choncho kuchotsedwa m'boma sinali nkhani yosekera.

A Kingi poyamba anali munthu wabwino, sindinganame. Anamenyapo nkhondo yeniyeni, ndipo ndi iwo amene anandipezera ntchito nditangofika, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Mwambo unali wosankha Kingi chaka chilichonse. Chaka china anati nthawi palibe, chinacho anati anthu sanakhwime maganizo, mpaka tinatopa n'kufunsa. Ng'oma yaikulu anayamba kuisunga kuchipinda kwawo. Ukachedwa pang'ono ankakuimika padzuwa anthu akuonerera, iwe bambo wa ana anayi. Zimene wanena kumowa Loweruka, pofika Lamlungu anali atazimva kale, ndipo tinayamba kuyang'anana ndi diso la nkhwezule tokhatokha.

Chinatitsegula m'maso ndi maliro a mkulu wina amene a Kingi anamuchotsa chifukwa anaseka pamene iwo ankalankhula. Atamwalira, analamula kuti wa m'boma aliyense asapondeko. Tinamvera. Bokosi linadutsa pamsewu wathu litanyamulidwa ndi anthu a Chishona oyandikana naye nyumba, ife tikusuzumira m'mazenera.

Amene analephera kuzimeza anali kapitawo. Uyu anali mnzanga wa kumudzi, tinabwera limodzi wapansi tikugawana chinangwa. Ankalumikiza mabogi a sitima, ndipo zala ziwiri zinatsalira komweko. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro anatiitanira pamthunzi wa bogi yakufa, ife amaudindo tonse ndi woimba ng'oma.

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero. "Lamlungu lino a Kingi akakweza ndodo yawo yoyambitsira gule, ine nditembenuka ndekha kupita kumsewu, kuti amantha andione. Inu a sajeni muimbe kawiri. Mizere ikanditsata, iwo atsala ndi mpando wawo basi."

"Kawiri," ndinavomera. Ndinamugwira dzanja la zala zitatu lija. Tonse tinalumbira, ndipo aliyense anapita kukanong'oneza mzere wake.

Lamlungu kunatentha kwambiri. Bwalo linadzaza, ena atachokera kukomboni ya Harare ndi kumafakitale a ku Southerton. Ana a Chishona ankatikuwiza kuti "Mabhurandaya", dzina lonyozera ife a ku Nyasalande, monga mwa masiku onse. A Kingi anafika ndi mamendulo awo pachifuwa n'kuyamba kuyendera mizere. Atafika pa ine anaima, n'kundikonzera kolala ndi manja awo.

"Yapindika, mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

Anabwerera kutsogolo n'kukweza ndodo. Kapitawo anatembenuka, n'kuyamba ulendo wa kumsewu, mutu uli chilili. Woimba ng'oma, yemwe analumbira nafe, anaigunda monga ankachitira Lamlungu lililonse ndodo ikakwera. Ndipo ine ndinaimba wezulo kamodzi.

Ndinali ndi mpweya wokwanira kuimbanso. Wezulo inali pakamwa pomwepo. Koma mizere inali itaponda kale, malipenga a zikho alira, ndipo miyendo yanga inali italowa m'gule isanandifunse. Zaka zisanu ndi zitatu ndodo, ng'oma, wezulo, phazi lamanzere. Msilikali sacheuka, ndiye mnzangayo anayenda mpaka kumsewu akukhulupirira kuti tili pambuyo pake. Atafika anacheuka. Anatipeza tikuvina. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti tsiku limenelo tinavina bwino kwambiri, anthu mpaka kuimba nthungululu.

A Kingi sanafunse kuti kapitawo anapangana ndi yani. Ankadziwa, ndipo ankadziwanso kuti sitidzayesanso. Anangotuma anthu kukatenga yunifolomu ya kapitawo, n'kulengeza kuti munthu ameneyo si wathu, pamoyo ndi paimfa pomwe. Ukapitawo anapatsa ine. Ndinaulandira, ndipo wezulo inatsalabe kwa ine.

Mnzangayo sanasamuke. Tinkakhala mzere umodzi wa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse tinkakumana panjira ya kuntchito. "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Tsiku ndi tsiku, osalumpha. Akanandituka bwenzi ndikupumako. Ine ndinkayankha ndikuyang'ana nsapato zanga, n'kufulumiza mwendo ngati ndachedwa.

Patapita zaka zingapo anadwala chifuwa. Ndinapita kukamuona masana ena, nditazungulira kuseri kwa nyumba ngati wakuba nkhuku. Ndinamupeza ataonda, atatsamira khoma. Tinacheza za mvula ya kwathu, kenako anandiyang'ana.

"Tandiuzani, achimwene. Anali mantha?"

"Inali miyendo," ndinatero. "Ng'oma italira ndinangopezeka ndikuvina."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye tinawaphunzitsa bwino anyamata aja."

Sindikudziwa ngati ndinamuuza zoona. Ndakhala ndikudzifunsa kwa zaka zonsezi mpaka ndatopa. Mwina inali miyendo, mwina kolala ija, mwina ndinangoona bokosi langa likudutsa pamsewu anthu akusuzumira m'mazenera.

Atamwalira, lamulo la a Kingi linali lomwe lija. Ulendo uno sindinamvere. Ndinavala malaya wamba n'kupita. Kunyumbako ndinapeza mkazi wake, ana ake, ndi amuna atatu a Chishona ogwira naye ntchito. Bokosi limafuna anthu asanu ndi mmodzi, ife tinalipo anayi. Tinkalitula pansi pafupipafupi kuti tipume, popanda ng'oma, popanda nyimbo ya kwathu ndi imodzi yomwe. Podutsa pamsewu wathu ndinaona makatani akugwedezeka nyumba ndi nyumba. Wezulo inali m'thumba mwanga, chifukwa sinkachoka m'menemo. Ndinaitulutsa n'kuiimba kawiri, mokweza. Palibe chitseko chimene chinatseguka, ndipo tinanyamulanso bokosi n'kumapita.